Kunoka

Makaniko wa pa Balaka akakuuzani kuti "bwana, yanoka," dziwani kuti thumba labooka. Mawuwa tidabwereka ku Chingerezi, komwe amatanthauza kugogoda, ndipo injini imagogodadi, khokhokho, chitsulo kumenya chinzake chifukwa oyilo sakufika m'maberingi. Koma kwathu kuno kunoka ndi imfa yeniyeni ya injini.

Zimayamba ndi kanyale kofiira kooneka ngati ketulo. M'minibasi zakale, dzuwa la Okutobala likaswa mtengo, oyilo amasanduka madzimadzi, kanyaleko n'kumaphethira galimoto ikaima pa Chingeni kudikira anthu. Mwina oyilo watsika, mwina pampu yatopa, pena ndi kaswitchi chabe. Madalaivala ena, pothamangira ku Liwonde, amangomata kanyaleko ndi tepi wakuda.