Mmene Mafasho a M'mizinda Ankafikira ku Mchinji

Pamene asilikali a Captain William Manning anathyola mphamvu za Angoni a Mpezeni mu 1898, nakhazikitsa boma la Fort Manning, limene lero tikuti Mchinji, panalibe munthu kwa Mkanda, kwa Zulu kapena kwa Mlonyeni amene akanalota kuti tsiku lina chovala chidzaimikidwa kuseri kwa galasi kuti odutsa m'njira azingochidya ndi maso. Pakuti makolo athu, osula nkhwende ndi ofufuta zikopa, ankaidziwa nsalu ndi zala, poikoka ndi poiyang'ana padzuwa, ndipo chinthu chosakhudzika sankachiyesa malonda.

Msonkho utakakamiza anthu kufuna ndalama, Amwenye anamanga masitolo a malata m'mbali mwa msewu wopita ku Fort Jameson, kumene lero tikuti Chipata, ndipo zenera lawo linali khonde. Pamenepo pankalendewera merikani ndi biriwita, pamenepo pankakhala telala ndi makina ake a Singer, ndipo mayi amene wagulitsa mtedza wa chalimbana ankayeza mikono ya nsalu, nanenerera mtengo, nasiya muyeso wake asanatsike pakhondepo.

Galasi lenileni analiona ndi amuna aja amene anapita ku ulendo, ena kudzera ku Mthandizi kunka ku mafamu a ku Southern Rhodesia, ena ndi Wenela kunka ku migodi ya ku Joni, enanso ku Northern Rhodesia, kumene lero tikuti Zambia, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Iwowa, pa tsiku la Sabata, ankayendayenda m'misewu ya Salisbury, Johannesburg ndi Cairo Road ku Lusaka, nazizwa poona zidole zotalika ngati anthu zitavekedwa suti, chipewa ndi nsapato zonyezimira. Koma taonani chipongwe cha masiku amenewo: m'masitolo ambiri a Azungu a ku Northern Rhodesia munthu wakuda sankaloledwa kulowa pakhomo, koma ankagulira pa kazenera ka kumbali, kotero kuti zenera lalikulu linali lomukopa, laling'ono lomunyoza; ndipo n'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1950 chipani cha Harry Nkumbula chinalimbikitsa anthu kunyanyala masitolo otere.

Kamera mnyamata wa kumudzi analibe, ndipo sindikhulupirira kuti mwini sitolo akanamlekerera kuima nayo pakhomo pake. Chimene ankachita n'chakuti, atasunga malipiro a miyezi ingapo, kapena atabwereka jekete kwa mnzake wa m'komboni, ankapita kwa wojambula zithunzi, naima mwendo wina patsogolo, dzanja m'thumba, wotchi poonekera, monga momwe chinaimira chidole chija; ndipo chithunzicho, chitayenda m'kalata kapena m'chikwama cha mnzake wobwerera kwawo, chinkafika kwa mkazi wake, kwa malume ndi kwa apongozi, kuchitira umboni kuti mwana wawo sanatchone, ali moyo, ndiponso wakhala njonda. Indetu chithunzi chimodzi chinkazungulira mudzi wonse mpaka kuthothoka m'makona, ndipo pomaliza chinkagwa m'manja mwa telala, amene ankachipenda kolala ndi matumba, nadula nsalu yake molingana.

Njira imeneyi inazilala mu 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Dr Kamuzu Banda naimitsa kulemba anthu a ku migodi. Chaka cha 1973 n'kuti atakhazikitsa kale lamulo la kavalidwe, loletsa amayi buluku ndi siketi yoonetsa maondo. Ndipo popeza ku Zambia kunalibe lamulo lotero, anthu a ku Mchinji, amene achibale awo ali tsidya lina la malire, ankaona ku Down Shops ku Chipata zovala zimene sakanayerekeza kuwoloka atavala, pamene pachipata cha malire alendo achikazi ankafunda chitenje ndipo amuna a tsitsi lalitali ankakumana ndi lumo. M'zaka zomwezo Amwenye analamulidwa kuchoka kumidzi kupita m'mizinda ikuluikulu, makonde aja nasanduka a eni dziko, nsalu ya David Whitehead ya ku Blantyre nitenga malo a merikani. Njanji inafika pa Mchinji mu 1980, koma pa nkhani ya zovala sinasinthe kanthu kwenikweni.

Lamulo la kavalidwe lija litafafanizidwa mu 1993, kunasefukira kaunjika, amene anzathu a ku Zambia amati salaula, ndipo zovala za ku Ulaya zinayamba kuunjikidwa pansi pa msika wa Kamwendo ndi wa Kapiri, aliyense nazitembenuza mmene afunira. Lero amayi ageni amene amawoloka pa Mwami kukapikula katundu ku msika wa Kamwala ku Lusaka amaima pamaso pa zidole, nazijambula ndi foni, natumiza pa WhatsApp kwa makasitomala awo, ndipo asanakwere basi amakhala atadziwa kale diresi imene idzagulidwe pa mapeto a mwezi. Amene sakwanitsa mtengo wake amatengera foniyo kwa telala. Ndipo milandu yambiri ya pakhonde masiku ano imabuka chifukwa wojambula anatola diresi chakutsogolo kokha, telala nasoka kumbuyo monga mwa nzeru zake, mwini nsalu nakana kulipira.