Phiri la Chikala, Nsanja ya Kawinga

Munthu wa ku Balaka kapena ku Ntaja akapita ku Lilongwe nakwera nyumba yosanja ya Kang'ombe, amaima pazenera la pamwamba ali kukamwa yasa. Pansi aona magalimoto ali nyomi ngati nyerere, madenga ali mbee kufikira kutali. Pobwera amauza anzake kuti, "Kwathu kuno zotere kulibe." Nzoona, nyumba yotalika chomwecho kulibe, koma anthu akale a dziko lino anadziwa ubwino wa kuima pamwamba, ndipo nsanja yawo inali phiri.

Kumpoto kwa nyanja ya Chilwa kuli phiri la Chikala. Pamenepo ndi pamene anakhala mfumu Kawinga, wa mtundu wa Ayao otchedwa Amachinga, amene anafika kuno kuchokera kum'mawa, m'dziko limene lero ndi Mozambique. Kodi anasankhiranji malo amiyala, okwera movuta, kusiya chigwa cha nthaka yabwino? Wowerenga, taimani naye pamwambapo m'maganizo mwanu. Kum'mwera muona madzi a Chilwa ali nyezinyezi, ndi mapiri a Malosa ndi Zomba chapambali; kumadzulo kuli chigwa cha mtsinje wa Shire. Utsi wa mudzi uliwonse uoneka. Fumbi la aulendo lioneka iwo asanafike. Mdani sangayandikire mobisika, ndipo akayesa kukwera apeza njira ili yopapatiza, mfuti zili kumdikira.

Tisabise: mphamvu ya Kawinga inachokera m'malonda oipa. Anthu ake ankagwira anzawo m'midzi ya m'chigwa, nawatumiza kunyanja yamchere pamodzi ndi minyanga ya njovu, kukasinthanitsa ndi nsalu, mfuti ndi onga. Wokhala pansi akakweza maso kuphiri sankaona kukongola ayi, ankaona mantha.

M'chaka cha 1891 Azungu a ku Britain anakhazika Boma lawo ku Zomba, mtsogoleri wake ali Harry Johnston. Chaka chomwecho kapitao wa nkhondo dzina lake Maguire anapita ndi asilikali a Chimwenye kukamenyana ndi Kawinga. Phiri linawakanika, ndipo Maguire mwini anavulala. Panakhala chimvano cha mtendere, koma sichinakhalitse.

Kuchiyambi kwa 1895 Kawinga anachita chinthu chimene chinamtayitsa ufumu. Anatumiza ankhondo ake kutsika phiri, kukathira nkhondo mfumu Malemia, amene anali pa ubwenzi ndi Azungu, pafupi ndi mishoni ya Domasi. Kuchigwa kunalibe miyala yowatchinjiriza. Asilikali a Boma, ngakhale anali ochepa, anawabweza. Pamenepo Alfred Sharpe ndi kapitao Manning anawalondola mpaka ku Chikala, nalanda mudziwo. Kawinga anathawira m'dziko la Apwitikizi. Ine ndiyesa kuti akadakhala phee pamwamba pake, nkhondoyo ikadatenga nthawi yaitali. Koma amene azolowera kuona anzake ali ang'onoang'ono pansi sachedwa kuwapeputsa. Ufumu wa Kawinga sunathe konse, pakuti dzinali lilipobe pakati pa mafumu a boma la Machinga.

Nkhondo zitatha, anthu anatsika m'mapiri kukalima m'zigwa, ndipo midzi yaikulu inamera m'mbali mwa njira. Balaka anakula chifukwa cha njanji yochokera ku Blantyre, imene inafika ku Salima mu 1935. Anadzakhala boma paokha mu 1998, atapatulidwa ku Machinga. Pa Liwonde anamanga chotchingira madzi a Shire mu 1965. Mu 1970 anatsegula njanji ina yochokera pa Nkaya, yowoloka Shire pa Liwonde, yodzera pakati pa nyanja za Chilwa ndi Chiuta mpaka ku Nayuchi. Sitima zamtunda zosenza malasha a ku Moatize zimadutsa pamenepo kunka ku doko la Nacala, chakum'mawa komwe kuja kunkalowera aulendo a Kawinga.