Za Kucha Ana Maina a Atsogoleri

Nkhani yathu lero ndi ya maina. Pa mwambo wa makolo, mwana amalandira dzina pamene mcombo wagwa ndipo mai wace aturuka m'cikuta. Dzinalo linkanena zimene zinagwa pa mudzi. Wobadwa pa nthawi ya maliro ankachedwa Mabvuto kapena Masautso, ndipo wina ankatenga dzina la agogo ace kuti lisafe.

Pofika Amishoni, panabwera maina a m'Baibulo ndi a aphunzitsi. Dr. Banda anali ndi dzina lakuti Kamuzu, ndilo muzu waung'ono, koma lakuti Hastings analitenga kwa mmishoni wa ku Scotland, John Hastings. Momwemonso Rolihlahla Mandela anapatsidwa dzina lakuti Nelson ndi mphunzitsi wace tsiku loyamba sukulu. Motero anthu anazolowera kuchula mwana dzina la munthu wolemekezeka amene sali mbale wao.

Mmodzi mwa Aafrika oyamba kulemekezedwa motere anali Dr. James Aggrey wa ku Gold Coast. Iye anayendera maiko a kum'maŵa ndi pakati pa Afrika m'caka ca 1924 ndi nthumwi za Phelps-Stokes zofufuza za maphunziro. Anthu anazizwa kuona munthu wakuda alikulankhula pakati pa Azungu mopanda mantha. Anamwalira mu 1927, koma dzina lace linatsala m'mabanja ambiri. Aggrey Klaaste, mkonzi wa nyuzipepala wochuka ku South Africa, anabadwa mu 1940.

Mwambowu unakula pa nyengo yomenyera ufulu. Ghana italandira ufulu pa 6 March 1957, dzina la Kwame Nkrumah linamveka ponseponse. Patrice Lumumba wa ku Congo anaphedwa pa 17 January 1961, ndipo caka cotsatira ku South Africa kunabadwa Patrice Motsepe, amene atate ace anamucha dzinali pokumbukira Lumumba. Dr. Kenneth Kaunda anacha mwana wace mmodzi Kambarage, dzina la bwenzi lace Julius Kambarage Nyerere wa ku Tanzania. Ngakhale akuluakulu anasintha maina ao: Stokely Carmichael wa ku America anadzicha Kwame Ture polemekeza Nkrumah ndi Sékou Touré.

Koma mbiri itiphunzitsa zinthu ziŵiri. Coyamba, dzina lacilendo liri ndi tanthauzo kwao kumene licokera. Kwa Aakan a ku Ghana, Kwame ndi mwana wamwamuna wobadwa Loŵeruka. Kholo losadziŵa lingapatse dzinali mwana wobadwa Lolemba.

Caciŵiri ndi colemera koposa. Mtsogoleri akali moyo, mbiri yace sinathe kulembedwa. Dr. Banda analandiridwa ndi cimwemwe cacikuru pa Chileka pa 6 July 1958. Mu 1971 anakhala Pulezidenti wa moyo wonse, ndipo Orton Chirwa, mtsogoleri woyamba wa Malawi Congress Party, anafera m'ndende ku Zomba mu 1992. Mu 1994 anthu anasankha mtsogoleri wina. Nkrumah nayenso anacotsedwa pa mpando ndi asilikali mu 1966. Ana amene anachedwa maina a anthuŵa pa masiku a cikondwerero anakula nao m'masiku ena, pamene dzina lomwelo linkakondweretsa ena ndi kuŵaŵitsa ena mtima. Mwana sanasankhe cipani, koma pofuna nchito kapena banja, dzina lace limamtsogolera.

Sitikunena kuti makolo aleke kulemekeza ngwazi za mtundu wao. Koma akuluakulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Musanachule dzina, funsani tanthauzo lace, santhulani nchito zonse za mwini wace, ndipo muganizire ngati mwanayo adzatha kuliyankha mosacita manyazi atafika zaka 60. Ambiri apeza nzeru yopatsa mwana maina aŵiri, la mtsogoleri ndi la kumudzi, kuti akadzakula adzasankhe yekha limene afuna kudziŵika nalo.