Nthenda ya Mwana Wolandidwa Bere

Agogo athu a kumudzi akaona mwana wa zaka ziwiri atatupa miyendo ndi masaya, tsitsi litafiira ngati ndevu za chimanga, khungu likusupuka ngati wapsa ndi madzi otentha, sankafulumira kuyang'ana m'mbale yake ayi. Ankayamba ayang'ana mayi wake. Akapeza kuti mayiyo ali ndi pakati pena, mlandu unkathera pomwepo: mwana watumbidwa. Pena ankati ndi tsempho, ndipo bambo wa mwanayo ankafunsidwa mafunso amene sitingawalembe patsamba lino. Nthenda imeneyi madokotala amaitcha kwashiorkor, ndipo mbiri yake ndi ya anthu ophunzira amene kangapo konse anati aipeza mutu wake, koma n'kuzindikira kuti agwira mchira chabe.

Dzinali si lachizungu. Linachokera m'chinenero cha Chiga, cha anthu a ku Accra m'dziko limene lero ndi Ghana. Amene analilowetsa m'mabuku ndi mayi wina wobadwira ku Jamaica, Dokotala Cicely Williams, amene anafika m'dzikolo m'chaka cha 1929. Mayiyu anali ndi khalidwe losowa pakati pa madokotala a nthawi ya atsamunda: ankafunsa amayi ndi anamwino achikuda, namvetsera mayankho awo. Iwo anamuuza kuti iyi ndi nthenda imene imagwira mwana wamkulu pamene mng'ono wake wabadwa. Taonani, awerengi, kuti nzeru ya agogo a ku Accra ndi ya agogo athu inali imodzi. M'chaka cha 1933 Williams analemba kuti ana odwalawo anali oleredwa ndi phala la chimanga chokhachokha atachotsedwa kubere, kuti ambiri ankamwalira, koma ena ankachira akapatsidwa mkaka. Mu 1935 anasindikiza dzina lija m'nyuzi ya madokotala yotchedwa The Lancet.

Womutsutsa wamkulu anali munthu wodziwa dziko lathu lino. Dokotala Hugh Stannus anagwirapo ntchito ku Nyasaland nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe, ndipo anali ataona nthenda ya pellagra pakati pa akaidi a m'ndende ya Zomba. Iye anaumirira kuti mayiyo sanapeze chachilendo, wangoona pellagra ya ana. Analakwa, ngakhale sitingamuseke kwambiri, pakuti nthenda ziwirizi zimakumana pa mtondo umodzi.

Nkhondo yachiwiri itatha, maganizo a Williams anapambana, ndipo anapambana mopyola muyeso. Iye anangoti mwina m'phala muja mukusowa china cha zakudya zokulitsa thupi, zimene asayansi amati mapuloteni. Anzake anachotsapo "mwina" uja. Mu 1952 akatswiri awiri, Brock ndi Autret, atayendera maiko a mu Africa, anatulutsa lipoti la mabungwe a WHO ndi FAO, ndipo kuyambira pamenepo dziko lonse linagwidwa ndi mantha a njala ya mapuloteni. Ndalama zochuluka zinapita kukapanga ufa wa nsomba, ufa wa njere za thonje ndi zakudya zina za m'mafakitale, zimene mayi wa kumudzi sakanatha kugula ngakhale akanazifuna. Mu 1974 Donald McLaren, mphunzitsi wa ku Beirut, analemba mosapsatira kuti ntchito yonseyo inali kutaya nthawi: ana ambiri onyentchera sankasowa mapuloteni okha, ankasowa chakudya chenichenicho.

Tsono funso linabwerera pakale. Ngati ana awiri akudya nsima ya m'mphika umodzi, bwanji wina amangowonda mpaka nthiti kuwerengeka, pamene mnzake amatupa? Ralph Hendrickse wa ku Liverpool analoza chala chuku cha m'chimanga ndi mtedza wosungidwa pachinyontho, chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Michael Golden, akugwira ntchito ku Jamaica, anaona kuti kutupa kumaphwa ngakhale mwana asanawonjezeredwe mapuloteni, naganiza kuti thupi likusowa mavitamini ndi michere yoliteteza. Ganizo lakelo linayesedwa kuno kwathu, pa ana 2,372 a m'midzi ya kuchigawo cha kummwera. Zotsatira zinatuluka mu 2005: ana olandira micherewo anadwala monga anzawo.

Chodabwitsa n'chakuti mankhwala anapezeka gwero la nthenda lisanadziwike. Mu 1996 dokotala wa ku France, André Briend, pamodzi ndi Michel Lescanne, anasakaniza mtedza wosinja, mkaka wa ufa, shuga, mafuta ndi mavitamini. Ife tinangochitcha chiponde, popeza mtedza wosinja si mlendo pakhomo pathu. Nzeru yake yagona apa: mulibe madzi, motero tizilombo sitiswana, ndipo sichifuna moto kapena mphika. Kale mwana wonyentchera ankagonekedwa m'chipatala milungu ingapo, mayi atasiya munda ndi ana ena, kotero kuti amayi ambiri ankachoka mwana asanachire. Ndani angawaweruze, mvula itagwa ndipo udzu ukudya chimanga? Kuyambira mu 2001, Dokotala Mark Manary ndi anzake a ku Blantyre anayesa kupatsa amayi chiponde kuti akadyetse ana kunyumba. Pa kafukufuku wina, ana 79 mwa 100 alionse odyetsedwa kunyumba anachira, pamene mwa njira yakale anachira 46. Mu 2007 mabungwe a United Nations anavomereza njirayi kuti igwire ntchito pa dziko lonse.

Funso la ana awiri aja linayankhidwako ndi mapasa. Gulu la Jeffrey Gordon wa ku St. Louis, mogwirizana ndi madokotala a kuno, linatsata mapasa a m'mabanja 317 a m'midzi ya kummwera kwa Malawi mpaka zaka zitatu. Pa mabanja 43 mwa 100 alionse, mwana mmodzi ananyentchera mnzake ali bwinobwino: mayi mmodzi, nyumba imodzi, phala limodzi. Asayansiwo anatenga tizilombo ta m'matumbo mwa anawo, kupyolera m'chimbudzi chawo, natiika mwa mbewa zoleredwa popanda kachilombo kalikonse m'thupi. Mbewa zolandira tizilombo ta mwana wa kwashiorkor, zitadyetsedwa chakudya chonga cha m'midzi yathu, zinawonda msanga. Zolandira ta mnzake wathanzi sizinatero. Zitapatsidwa chiponde zinanenepa, koma zitabwezedwa ku chakudya choyamba, kusintha kwa m'matumbo kuja sikunakhalitse. Izi zinasindikizidwa mu 2013. Tanthauzo lake n'lakuti m'mimba mwa mwana muli khamu la tamoyo tosaoneka timene timadya naye limodzi ndi kumuthandiza kugaya, ndipo khamulo likapanda kukhwima, chakudya chochepa chija chimamupweteka koposa.

Ine ndikuona kuti apa mpofunika kusamala, pakuti tinaphunzira kale pa nkhani ya mapuloteni. Mbewa si mwana, ndipo tizilombo tokha sitinawondetse mbewa zija popanda chakudya chosakwanira. Umphawi sunachoke pa mlanduwu.

Gulu lomwelo linapitiriza ntchito ku Dhaka m'dziko la Bangladesh, kufunafuna chakudya chodyetsa mwana pamodzi ndi tizilombo take tabwino. Linasakaniza ufa wa tchana, wa soya, wa mtedza ndi nthochi zosapsa. Mu 2021 linalengeza kuti pakati pa ana 123 a miyezi 12 mpaka 18, odya chosakanizachi ananenepa mofulumirirapo kuposa odya chakudya chozolowereka cha onyentchera, ngakhale chinali ndi mphamvu zochepa poyerekeza ndi chinzakecho. Soya, mtedza ndi nthochi: zitatu mwa zinayizi zili kale m'minda ya ku Dedza, Mchinji ndi Thyolo.