Kucokera ku Magwero Kufika m'Kalasi Mwathu

Aphunzitsi anzanga, pali cinthu cimodzi cimene ife a kuno ku Chipata tiyenera kucidziwa koposa aphunzitsi a zigawo zina. Nchito yophunzitsa ana osaona m'dziko lonse la Zambia inayambira kwathu kuno, pa mishoni ya Magwero, m'caka ca 1905. Tsopano papita zaka zoposa 100, ndipo mwana amene kale ankatumizidwa kutali kukaphunzira pakati pa osaona anzace, lero afika pa khomo la sukulu yathu ya kumudzi, atagwira dzanja la mlongo wace, ndipo lamulo la dziko linena kuti timlandire. Nkwabwino tsono kuti tilondole njira imene nkhaniyi inayendamo, kuti tidziwe cimene tinalandira kwa otitsogolera ndi cimene catsalira ife.

Kale m'Midzi

Makolo athu anali ndi mwambi wakuti, "Lungalunga n'pobadwa, cilema cicita kudza." Ananena zoona, pakuti ana ambiri osaona a masiku aja anabadwa ndi maso abwino. Nthomba ndi cikuku ndizo zinkawatseka maso, makamaka caka ca njala pamene thupi la mwana linali lofoka kale, ndipo mankhwala ena akuthira m'maso ankaonjeza bvuto m'malo mocepetsa. Ena anagontha atadwala malungo akulu, ena anapuwala miyendo ali aang'ono.

Tisaganize kuti mudzi unkataya anthu otere onse. Wosaona ankaluka mphasa ndi madengu, ankapota zingwe, ankatongola cimanga pamodzi ndi anzace, ndipo ena anachuka ndi kuyimba bangwe kapena kaligo. Maphunziro a kumudzi anali a pakamwa ndi a manja, kotero kuti wosaona ankamva nthano ndi milandu ya pabwalo monga munthu wina ali yense. Koma panalinso mabanja amene ankabisa mwana m'nyumba cifukwa ca manyazi, poganiza kuti ulemawo unadza ndi ufiti kapena kulakwira mwambo. Ndipo pamene sukulu inafika ndi sileti, bolodi ndi buku, inadza ndi nzeru yolowera m'maso. Pamenepo mwana wosaona, amene pabwalo anali wolingana ndi anzace, anatsala kunja kwa khomo.

Timadontho 6

Cifungulo ca khomo limenelo cinasulidwa kutali, ku France. Louis Braille anabadwa m'caka ca 1809, ndipo ali ndi zaka 3 anadzilasa m'diso ndi cida ca atate wace amene anali mmisiri wa zikopa. Posacedwa maso onse awiri anafa. Anamtumiza ku sukulu ya osaona ya ku Paris, ndipo kumeneko, ali mnyamata wa zaka 15, anakonza kalembedwe kamene lero kachedwa ndi dzina lace. Anakafalitsa m'buku m'caka ca 1829.

Nzeru yace inali yapafupi. Cilembo ciri conse cipangidwa ndi timadontho totukuka pa pepala lolimba, ndipo malo a timadonthoto ndi 6 okha, m'mizere iwiri yoimirira, atatu uku atatu uku. Posintha kaikidwe kace mupezeka zizindikiro 63, zokwanira zilembo, manambala ndi zopumira. Kukula kwa cizindikiro cimodzi kulingana ndi nsonga ya cala, kotero kuti wowerenga acizindikira pongocikhudza kamodzi. Wolemba ndi dzanja aika pepala m'kacitsulo ka mabowo, naboola ndi kazingano kobuntha kuyambira ku dzanja lamanja kunka kumanzere. Atatha atembenuza pepala, nawerenga kuyambira kumanzere monga ticitira ife tonse. Cinyanja cathu cilembeka bwino m'njira imeneyi, popeza zilembo zace ndi zomwezo za Ciroma.

Pa Magwero

Nkhondo ya Angoni a Mpezeni ndi asilikali a Angelezi inacitika m'caka ca 1898. Caka cotsatira, 1899, amishoni a Dutch Reformed Church ocokera ku Orange Free State anamanga pa Magwero, ndipo oyamba anali abusa P. J. Smit ndi J. M. Hofmeyr. Mpingo umene unabadwa pamenepo ndiwo lero uchedwa Reformed Church in Zambia.

M'caka ca 1905 Mai Issie Hofmeyr, mkazi wa mbusa, anayamba kuphunzitsa osaona kuwerenga ndi zala. Cimene anafuna makamaka cinali cakuti nawonso adziwerengere okha Malembo, monga ankacitira anzao openya m'masukulu a mishoni. Maiyu sanakhale nthawi yaitali. Anamwalira m'caka ca 1910. Koma nchito sinafe naye. Mbiri ichula Lazarus Banda, munthu wosaona wa kwathu konkuno, amene anaphunzira Braille naphunzitsanso anzace. Ichulanso Dona Ella Botes, amene ananyamula nchitoyi zaka zambiri kufikira ukalamba wace, nailimbitsa mpaka inakhala sukulu yeniyeni yogonera konko. M'caka ca 1955 anatsegulanso pa Magwero pomwepo sukulu ya ana osamva. Masukulu awiriwa alipobe.

Mamishoni ena anatsata citsanzoco. Ku Luapula, kumene khungu linali lofala kwambiri, kunatsegulidwa masukulu a osaona monga ya ku Mambilima. Ku Bulozi kunali ya ku Sefula. Ndipo tsidya la malire, ku Kasungu, a mishoni ya Nkhoma anatsegula ya ku Chilanga m'zaka za m'ma 1950. Kuno ku Mwami cifundo comweco cinayenda njira ya cipatala, cimene cinayamba m'caka ca 1927 nicidziwika ndi nchito yosamala odwala khate, ndipo pambuyo pace ndi yociza maso.

Ubwino ndi Mtengo wa Sukulu Yapadera

Tisapeputse cimene masukulu apaderawa anacita. Iwo ndiwo anatsimikizira mafumu, makolo ndi Boma lomwe kuti mwana wosaona ali ndi mutu wophunzira. Munthu akaona mnyamata wakhungu akuyendetsa zala pa pepala, nachula mau momveka pamaso pa msonkhano, sakanathanso kunena kuti ameneyu ngwongodya cabe. M'masukulu amenewa munacokera aphunzitsi, alaliki, amisiri, ndi oyankha lamya m'maofesi.

Koma njirayi inali ndi mtengo wace. Coyamba, malo anali ocepa. Sukulu imodzi sikanatha kulandira ana onse a ku Chipata, Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi, ndipo pa mwana mmodzi wopeza malo panali ambiri otsala kumudzi osadziwa ngakhale cilembo cimodzi. Caciwiri, mwana ankacoka kwa amace ali wamng'ono, nakulira pakati pa olumala okhaokha. Pobwerera anali mlendo pa mudzi wace womwe, ndipo anzace a msinkhu wace sanazolowere kuseka naye kapena kulima naye. Cacitatu, masukuluwa anali a osaona ndi osamva makamaka. Mwana wopuwala miyendo, wa khunyu, kapena wocedwa kugwira zinthu m'mutu analibe kolowera.

Ana osamva anali ndi bvuto linanso. Pa msonkhano wa ku Milan m'caka ca 1880, aphunzitsi a ku Ulaya anagwirizana kuti ogontha aziphunzitsidwa kulankhula ndi pakamwa ndi kuwerenga milomo, osati ndi manja. Ganizo limeneli linalamulira m'maiko ambiri pafupifupi zaka 100, ndipo ana ankatha zaka zambiri kulimbana ndi mau amene sanawamvepo, pamene masamu ndi mbiri zinali kudikira. Kuyambira m'ma 1960 akatswiri anaonetsa kuti cilankhulo ca manja ndi cinenero cathunthu, cokhala ndi malamulo ace monga Cinyanja kapena Cibemba.

Boma Lilowapo

Kufikira dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, nchitoyi inali m'manja mwa mamishoni ndi mabungwe acifundo. M'caka ca 1971 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti Unduna wa Maphunziro uitenge kukhala udindo wace, ndipo caka comweco ku Lusaka kunatsegulidwa sukulu yosula aphunzitsi a ana olumala, imene tsopano ichedwa Zambia Institute of Special Education, kapena ZAMISE. Cikalata cokonzanso maphunziro ca 1977 cinabvomereza kuti ana olumala ayenera kuphunzira monga ana ena onse. M'zaka zimenezo munayamba kuoneka makalasi apadera omangidwa pambali pa sukulu wamba: ana anali m'bwalo limodzi, koma m'zipinda zosiyana. Ku Malawi nako, kuyambira m'ma 1960, ana osaona anayamba kuphunzira m'masukulu wamba mothandizidwa ndi mphunzitsi wa Braille wosulidwa ku Montfort, kufupi ndi Limbe.

Kusintha kwakukulu kunadza mu June 1994, pamene nthumwi za maboma 92 ndi mabungwe 25 zinakumana ku Salamanca, m'dziko la Spain. Kumeneko anatembenuza funso. Kale ankafunsa ngati mwana ali woyenera sukulu. Tsopano anati tizifunsa ngati sukulu iri yokonzeka kulandira mwana. Zambia inatsata ganizoli m'cikalata ca 1996 cochedwa Educating Our Future, cimene cinati ana osowa thandizo lapadera aphunzire m'masukulu wamba pali ponse pamene nkotheka, ndi kuti masukulu apadera atsalire iwo amene ulema wao uli waukulu. M'caka ca 1997 anayesa njirayi m'boma la Kalulushi, napita nayo ku maboma ena. M'caka ca 2010 dziko lathu linabvomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, ndipo lamulo la maphunziro la 2011 ndi lamulo la anthu olumala la 2012 analetsa kukana mwana pa sukulu cifukwa ca ulema. Potsiriza, mu January 2022 Boma linacotsa malipiro a sukulu, ndipo ana amene umphawi unawatsekera m'nyumba anatuluka ambiri. Caka comweco analemba nchito aphunzitsi oposa 30,000, komabe makalasi athu anadzaza kufikira kukhomo.

Cimene Catsalira Ife

Pamenepa pali ngozi imene tiyenera kuichula poyera. Kulemba dzina la mwana m'kaundula ndi kumpatsa malo pa benci sindiko kumphunzitsa. Mwana wosamva amene akhala caka conse kumbuyo kwa kalasi, akuyang'ana msana wa mphunzitsi wolankhula ndi bolodi, ali yekha koposa mnzace wa ku Magwero amene aceza ndi anzace ndi manja tsiku lonse. Mwana wosaona wopanda pepala la Braille angomva mau akuuluka ngati mbalame, osagwirapo ndi amodzi omwe. Tikacita motero, tidzakhala tabwezera ana ku masiku a 1905 isanafike, pamene tikudzitama kuti tapita patsogolo. Cifukwa cace masukulu apadera sanathe nchito. Mwana wosaona konse ayenera kupeza womphunzitsa Braille, ndipo wosamva konse ayenera kupeza cilankhulo ca manja ali wamng'ono. Ngati ife tiribe luso limenelo, udindo wathu ndi kulankhula ndi makolo ndi akulu a maphunziro kufikira mwanayo atafika kumene kuli thandizo.

Koma ana ambiri amene tiri nao sali otero. Alipo amene aona pang'ono, amene amva khutu limodzi, amene ayenda ndi ndodo, amene agwa khunyu, ndi amene acedwa kumva phunziro. Amenewa ngathu, ndipo zambiri zowathandiza sizifuna ndalama. Mwana wosuzumira bolodi, makamaka wa cialubino amene maso ace aopa kuwala, akhale kutsogolo ndiponso kutali ndi zenera la dzuwa. Tilembe zilembo zazikulu ndi coko coyera bwino, ndi kuchula mokweza ciri conse cimene tilemba. Kwa wobvutika kumva, tiyang'ane kalasi polankhula, nkhope yathu iri poyera, ndipo mau ofunika tiwalembe. Wa khunyu akagwa, ticotse mabenci pafupi, timgoneke cammbali akaleka kuphupha, tisamuike kanthu m'kamwa, ndipo tiuze ana onse kuti nthendayi sipatsirana. Wocedwa kumva timpatse nchito yocepa imene angathe kuitsiriza, ndi miyala kapena njere za cimanga zowerengera. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo mwana wa maso ofiira, otuluka mafinya kapena oyera pakati, apite msanga ku cipatala, pakuti maso ambiri amene afa akadaciritsika.

Palinso nchito ina imene sukulu yapadera sikanatha kuicita, koma ife tingathe. Ana makumi angapo amene akhala m'cipinda cimodzi ndi mnzao wolumala ndiwo adzakhala mafumu, anamwino, amalonda ndi makolo a mawa. Akaona mphunzitsi akumuitana ndi dzina lace, osati ndi dzina la ulema wace, akumfunsa funso ndi kudikira yankho, akumdzudzula akalakwa monga adzudzulira ena, adzakula akudziwa kuti ameneyu ndi munthu mnzao. Akaona mphunzitsi akumlumpha, phunziro limenelonso adzaligwira, ndipo adzalisunga nthawi yaitali koposa masamu.

Amene anayamba nchitoyi pa Magwero analibe lamulo lowakakamiza, analibe sukulu ya ukacenjede, ndipo mapepala anali kucokera kutali pa mitu ya amtengatenga. Ife tiri ndi lamulo, tiri ndi ZAMISE, tiri ndi cipatala pafupi, ndiponso masukulu awiri a pa Magwero, kumene kuli aphunzitsi odziwa zimene ife tisowa. Cigawo cino ca sukulu cisanathe, ali yense wa ife afunse nduna za midzi yozungulira sukulu yace kuti ndi ana angati a msinkhu wa sukulu amene akali m'nyumba cifukwa ca ulema, awalembe maina, napite kukaonana ndi makolo ao.