Kuchita apilo ndi kupempha belo ku South Africa: zofunika kudziwa kwa okhala ku Delft

Milandu yambiri yochokera ku Delft, dera la mumzinda wa Cape Town komwe kumakhalanso Amalawi, imazengedwa kubwalo la majisitireti la Bellville. Munthu amene walamulidwa kukakhala kundende ali ndi ufulu wodandaula kubwalo lalikulu, malinga ndi gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko la South Africa a 1996. Komabe kuchita apilo sikuimitsa chilango: womangidwa amakhalabe kundende pokhapokha bwalo litamupatsa belo.

Masiku 14 oyamba

Lamulo la Criminal Procedure Act la 1977, gawo 309B, limati wopezeka wolakwa apemphe chilolezo chochita apilo kubwalo lomwelo limene linamuweruza pasanathe masiku 14 chiperekereni chilango. Akachedwa, ayenera kufotokoza chifukwa chomveka. Majisitireti akakana, gawo 309C limampatsa masiku 21 olembera mkulu wa oweruza wa bwalo lalikulu la Western Cape. Pamwamba pa bwaloli pali bwalo la apilo la ku Bloemfontein. Amene walamulidwa ndi bwalo la chigawo kukhala kundende moyo wake wonse safunika kupempha chilolezo.

Zimene bwalo limaona

Oweruza apilo sasintha chilango chifukwa chakuti iwo akanagamula mosiyana. Amalowererapo ngati woweruza woyamba anasokoneza malamulo kapena umboni, kapenanso ngati chilango n'chosagwirizana konse ndi mlandu. Pa milandu ikuluikulu, lamulo la 1997 linaika zaka zimene bwalo siliyenera kuchepetsa popanda zifukwa zamphamvu. Bwalo la apilo lingathenso kuwonjezera chilango, koma mu 2012 bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula, pa mlandu wa Bogaards, kuti wodandaula achenjezedwe kaye.

Belo poyembekezera apilo

Munthu akapezeka wolakwa, samuonanso ngati wosalakwa, choncho belo imavuta kuposa poyamba. Chilolezo chochita apilo pachokha sichikwanira. Bwalo limaona kukula kwa mlandu, kutalika kwa chilango, mwayi woti apilo ipambane, ndiponso ngati wopemphayo angathawe. Pa milandu yoopsa kwambiri, monga kupha mwakonzekera kapena kuba ndi mfuti, iye ndiye ayenera kuonetsa kuti pali zifukwa zapadera. Kwa mlendo, bwalo limayang'ananso ziphaso zokhalira m'dzikomo, malo okhazikika, ntchito ndi abale, ndipo lingalamule kuti apereke pasipoti ndi kumakaonekera kupolisi.

Chitsanzo chodziwika ndi cha Jason Rohde, amene bwalo lalikulu la Western Cape linamulamula mu 2019 kukhala kundende zaka 20 chifukwa chopha mkazi wake ndi kusokoneza chilungamo. Bwalolo linamukaniza belo, koma bwalo la ku Bloemfontein linamupatsa mu Disembala chaka chomwecho. Mu 2021 bwaloli linatsimikiza kuti ndi wolakwa, linachepetsa chilango kufika zaka 15, ndipo anabwerera kundende.

Thandizo la maloya

Bungwe la Legal Aid South Africa limapereka maloya aulere kwa osauka pa milandu yaupandu, kuphatikizapo anthu a m'mayiko ena. Woimbidwa mlandu alinso ndi ufulu wokhala ndi womasulira ngati sakumva chinenero cha m'bwalo. Abale ayenera kulankhula ndi loya tsiku lomwelo la chigamulo, chifukwa masiku 14 amayamba kuwerengedwa chilango chikangoperekedwa.