Akachisi a ku Egypt monga momwe kamera inawapezera

Luso lojambula zithunzi ndi kamera litalengezedwa ku Paris mu 1839, katswiri wa sayansi François Arago anatchula dziko la Egypt. Iye anati zolemba zosemedwa pa zipupa za ku Thebes ndi Karnak, zomwe khamu la ojambula pamanja likanalimbana nazo zaka zambiri, tsopano munthu mmodzi akanatha kuzikopera yekha. Chaka chimenecho chisanathe, makamera anali atafika kale m'mbali mwa mtsinje wa Nile.

Ntchitoyo inali ya thukuta. Francis Frith wa ku England, amene anapitako mu 1856, ankapaka mankhwala pa galasi ndipo ankayenera kujambula ndi kutsuka chithunzicho galasilo lisanaume. M'hema mwake munkatentha moti mankhwalawo ankawira, ndipo nthawi zina ankakabisala m'manda osemedwa m'thanthwe pofuna mdima ndi kayaziyazi.

Koma chimene zithunzizi zinasunga si chimene Arago ankayembekezera. Zikuonetsa akachisi okwiririka mumchenga, ena mpaka m'khosi mwa zipilala, ndiponso okhalamo anthu. Ku Edfu, mabanja anali atamanga nyumba za zidina padenga penipeni pa kachisi wa Horus. Auguste Mariette anazigumula atayamba kufukula malowo mu 1860. Ku Luxor mudzi unali pakati pa zipilala kufikira m'ma 1880, pamene Gaston Maspero anayamba kusamutsa eni ake. Chimene chinapulumuka ndi mzikiti wa Abu al-Haggag, umene ulipobe, khomo lake lakale lili m'mwamba pamene kale panali nthaka.

Eni dzikowo ojambulawo sanawasamale kwenikweni. Maxime Du Camp, amene anayenda ndi mlembi Gustave Flaubert kuyambira mu 1849 n'kusindikiza zithunzi 125 mu 1852, ankakweza mmalinyero wa ngalawa yawo, Hadji Ismael, pamiyala kuti oona azindikire kukula kwake. Munthuyo ankangokhala ngati ndodo yoyezera, ndipo ankayenera kuima osagwedera mpaka chithunzi chitagwira.

Miyala nayonso siinakhale malo amodzi. Damu la ku Aswan litatha mu 1902, madzi anayamba kumiza chisumbu cha Philae chaka ndi chaka n'kukokolola utoto wa pa zipilala zake. Pambuyo pake kachisiyo anamusamutsira ku chisumbu cha Agilkia, ndipo wa ku Abu Simbel anamucheka zidutswazidutswa n'kumukweza pamtunda pakati pa 1964 ndi 1968. Pamene Du Camp anaimika kamera yake poyang'ana nkhope ya Ramesses II lero pali nyanja ya Nasser.